Nyali Siigwira Usipa: Kalata Yotseguka kwa Nduna ya Zamaphunziro

Olemekezeka a Nduna,

Ndikulemba kalata ino mwera ukukuntha, nyanja yatuwa ndi mafunde, mabwato ali ndandanda pamchenga chifukwa lero palibe msodzi wofuna kukayesa mwayi. Ndine mphunzitsi wa Biology ndi Chemistry pa sekondale ina yoyendera ya m'mbali mwa nyanja kuno ku Nkhotakota, imodzi mwa zija timati ma CDSS. Dzina la sukuluyi ndilisunga, popeza zimene ndinene si za sukulu imodzi. Ndalemba poyera kuti makolo ndi aphunzitsi anzanga amve nawo, ndipo amene akuona mosiyana ndi ine anditsutse.

Nkhani yanga ndi ya nzeru zamakina, zimene aliyense tsopano akungoti AI. Chiyambireni kumapeto kwa 2022, pamene ChatGPT inatulukira, mawu awiriwa sachoka pakamwa pa anthu a m'misonkhano. Ife a kuno timangowamva pa wailesi. Koma m'kalasi mwanga analowamo kale, osagogoda, ndipo ndiloleni ndikufotokozereni mmene analowera.

M'mawa wina ana anafika mochedwa chifukwa anaima pagombe kuonerera nkhungu. Amene anakhalapo kunyanja akudziwa: kutali pamadzi pamaoneka ngati pakufuka utsi wa nkhalango ikupsa, mizati yakuda itaima mpaka kumwamba, pamene ndi tizilombo touluka tosawerengeka. Mnyamata wina wa Fomu 3, mwana wa msodzi, anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, nkhungu zimachokera kuti? Inetu sindinaonepo mazira ake." M'buku lathu mulibe yankho. Ndinatulutsa foni, n'kulemba funsolo m'Chichewa pa pulogalamu ina ya AI imene sindiitchula dzina, ndi kuwerenga yankho mokweza. Inatiuza, mwaulemu ndi mosakayika konse, kuti nkhungu ndi nthunzi ya madzi imene yazizira pafupi ndi nthaka, ndipo imabalalika dzuwa likatuluka. Kalasi yonse inafa ndi phwete. Mtsikana wina wa kumbuyo anati, "Ndiye kuti amayi dzulo anatipatsa nthunzi yodyera nsima?"

Makinawo sananame kwenikweni, pakuti ku Dedza ndi ku Mulanje nkhungu ndi imeneyo. Koma kuno nkhungu timazikola ndi lichero, timaziumba, n'kukhala ndiwo. Ndinafunsanso funso lomwelo m'Chingerezi, ndipo apa ndiye inayankha ngati katswiri wa ku yunivesite: kuti tizilomboti timayamba ngati timphutsi toonekera ngati galasi tokhala m'madzi akuya, kuti masana timatsikira pansi pamene mpweya wa okosijeni ndi wochepa ndipo nsomba sizingatitsatire, kuti usiku timakwera kudzadya, ndipo tikakhwima timatuluka m'madzi nthawi imodzi. Inatchulanso dzina lake la sayansi, Chaoborus edulis, ndipo mawu achiwiriwo amatanthauza chinthu chodyedwa. Ana anakondwa kumva kuti ndiwo yawo ili ndi dzina la Chilatini. Mnyamata uja anawonjeza kuti bambo ake amati nkhungu zimachuluka mwezi ukakhala kumdima. Tinapachika kalendala pakhoma n'kuyamba kuchonga tsiku lililonse limene zaoneka.

Taonani, a Nduna: makina amodzimodzi, m'mawa umodzi, m'Chichewa anali mbuli, m'Chingerezi anali namatetule. Ndipo amene anagwira cholakwacho si ine ayi, koma ana amene anaona ndi maso, anagwira ndi manja, anadya ndi pakamwa. Usiku umenewo tulo sitinabwere msanga. Ndinkadzifunsa kuti, nanga funso likanakhala la maatomu, kapena la mmene impso zimasefera magazi, zinthu zimene mwana sangazione pagombe, akanaseka ndani? Akanakopera m'kope, n'kuloweza, n'kukalemba pa mayeso.

Tiyenera kumvetsa chimene chili m'kati mwa makinawa, chifukwa anthu ena akuwalambira ngati ula. Pulogalamu yocheza nayo ija inadyetsedwa zolemba zambirimbiri za anthu, ndipo ntchito yake ndi kulosera mawu oyenera kutsatana ndi mawu anzake. Siinaonepo nyanja. Siinanunkhizepo usipa wowuma pathandala. Zolemba zimene inadya, zochuluka zedi ndi za Chingerezi. Za Chichewa ndi kadontho chabe, ndipo za Chichewa cha kugombe, cha asodzi ndi amayi oyanika nsomba, n'zosowa kwambiri. Ikasowa chonena siichita manyazi, imangopeka, ndipo bodza lake limatuluka litavala suti yofanana ndi ya choona. Google Translate inayamba kumasulira Chichewa mu 2014, koma mpaka lero aliyense wodziwa chilankhulochi amatha kuzindikira chiganizo chomasuliridwa ndi makina, monga mmene timadziwira nsima yophika mwana.

Musandiyese mdani wa zatsopano. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo aka ndakaona kuthwa kwake. Mu 2024 mphoto ya Nobel ya Chemistry, phunziro langa lomweli, inagawidwa kwa David Baker mbali imodzi, ndi Demis Hassabis ndi John Jumper mbali inayo, ndipo awiri omalizawa anailandira chifukwa cha AlphaFold, pulogalamu yolosera mmene mapuloteni amapindikira, ntchito imene kale inkatha kudyera munthu zaka pa puloteni imodzi. Mwana amene ndikumuphunzitsa lero, akadzakhala dokotala kapena wofufuza za nsomba, adzagwira ntchito ndi zida zotere, afune asafune.

Ngakhale kwathu kuno zayambika, ndipo poyamika ndiyamike. Kuyambira September 2023 unduna wanu, pamodzi ndi mabungwe a Imagine Worldwide, onebillion ndi VSO, unayamba kupereka matabuleti m'sukulu za pulayimale pansi pa ndondomeko ya BEFIT, kuyambira ndi sukulu 500. Ana a Sitandade 1 mpaka 4 amaphunzirirapo kuwerenga ndi masamu m'Chichewa, aliyense pa liwiro lake, ndipo matabuletiwo amatchajidwa ndi sola. A Opportunity International anabweretsa Ulangizi, pulogalamu ya pa WhatsApp imene imayankha mafunso a alimi m'Chichewa, ndipo nzeru yake yaikulu ndi yakuti mayankho imawatenga m'buku la malangizo la Unduna wa Zamalimidwe, osati kungotola paliponse. Ku MUST, ku Thyolo, anatsegula likulu la maphunziro a AI mu 2023. Mu 2020 UNICEF inathandiza kukhazikitsa African Drone and Data Academy, kumene achinyamata amaphunzira kupanga ndi kuulutsa tindege topanda woyendetsa m'kati. Zonsezi n'zoona. Koma taonani mpata uli pakatipo: wa Sitandade 2 ali ndi tabuleti, wa ku yunivesite ali ndi likulu lake, pamene wa Fomu 1 mpaka Fomu 4 wa ku CDSS, pa msinkhu umene munthu amakonda sayansi kapena kuida mpaka imfa, ali ndi choko, bolodi ndi mphunzitsi mmodzi wotopa.

Ndikuuzeni tsiku lina limene makinawa anandithandiza, kuti muone pamene pali phindu lake lenileni. Ndinkafuna kuphunzitsa za asidi ndi alkali, koma timapepala ta litmus tinatha kalekale. Madzulo ndinakhala pansi ndi foni n'kuiuza zimene ndili nazo: mabotolo opanda kanthu, mandimu, phulusa, sopo, ndi zomera za kudimba. Inanditchulira zomera zingapo za maiko ena zimene madzi ake amasintha mtundu, kuphatikizapo kabichi wofiira, amene pamsika wathu simungamupeze. Koma pa mndandandawo panali maluwa a mtundu wa hibiscus, ndipo mutu unandigunda: chidede! Mawa lake tinawiritsa chidede, madzi ake ofiira tinawagawa m'mabotolo. Tinathira madzi a mandimu, anawala psuu. Tinathira chidulo, chija amayi amasungunula ku phulusa pophika thelere, madziwo anada n'kuyamba kubiriwira. Ana anakuwa. Wina anathamangira kunyumba kukatenga madzi oviikamo chinangwa cha kondowole kuti tiyesenso amenewo, ndipo tinathera pa nkhani ya chifukwa chake chinangwa chowawa timachiviika masiku angapo tisanachiyanike, kuti poizoni wa cyanide achoke. Agogo awo akhala akuchita Chemistry zaka zonsezi osaitchula dzina.

Ku koleji anatiphunzitsa TALULAR, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalo pomwe uli. Makina aja sanandiphunzitse zimenezo, ndipo chidede sankachidziwa ndi dzina. Anangondiunikira pamene ndinali kufufuza. N'chifukwa chake ndikamamva anthu akuti AI idzalowa m'malo mwa mphunzitsi, ndimakumbukira usodzi wa kauni. Usiku wopanda mwezi mukaima pagombe mumaona nyali zili ngwee pamadzi ngati mzinda. Nyaliyo imaitana usipa, inde, ndipo kuchokera pamene asodzi anasiya nyali za palafini n'kuyamba mababu a batire, kuwalako kunawonjezeka. Koma nyali siigwira usipa. Pafunika siginala wodziwa kuwerenga madzi, wodziwa nthawi yoti ukonde wa chilimira uponyedwe. Pafunika anyamata a mphamvu okoka. Pafunika ukonde wosang'ambika. Mupatse nyali yowala kwambiri munthu amene sanakwerepo bwato, abwerako ndi chimfine basi.

Ukonde wathu ndiye wong'ambika, a Nduna. Phunziro la Physical Science linagawidwa pawiri, Physics payokha, Chemistry payokha, ndipo pa mayeso a MSCE a MANEB amafuna mwana achite zoyesayesa ndi manja ake. Koma m'ma CDSS ambiri mulibe labotale. Alipo ana amene burette amaigwira koyamba m'sabata ya mayeso, manja akunjenjemera ngati agwira njoka. Ndaphunzitsapo za maselo kwa ana amene sanasuzumirepo mu maikulosikopu, pamene tili m'mbali mwa nyanja imene ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere pa dziko lapansi, nyanja yozama pafupifupi mamita 700, imene akatswiri amakwerera ndege kuchokera ku Ulaya ndi ku America kudzaiphunzira. Mantha anga ndi akuti tsiku lina wina adzabwera ku ofesi yanu ndi chikwama chokongola, n'kukuuzani kuti labotale n'zachikale, ana azingoonera zoyesayesa pa sikilini. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chithunzi cha pa sikilini sichitayika, sichipsa, sichinunkha, ndipo nthawi zonse chimatuluka monga buku linanenera. Sayansi yeniyeni imayamba pamene zotsatira zakana kufanana ndi buku, mwana n'kukanda mutu. Zoonera pa kompyuta zibwere, zithandize, koma zibwere pambuyo pa test tube, osati m'malo mwake.

Palinso matenda ena amene ayamba kale. Ntchito yokachitira kunyumba ikubwera m'Chingerezi chosalala ngati cha wowerenga nkhani pa wailesi, yolembedwa ndi mwana amene ukamufunsa tanthauzo la liwu limodzi amayang'ana kudenga. Sindiwadzudzula kwambiri anawa. Nafenso tikanapeza njira yachidule pa msinkhu wawo tikanaidutsa. Koma ubongo uli ngati mkono wa wopalasa bwato, ukaleka kupalasa umafota. Ine ndinasintha kachitidwe. Tsopano ndimabweretsa yankho la makina m'kalasi, n'kuwauza kuti, "Pezani pamene yanama." Tsiku limene apeza cholakwa amatuluka m'kalasi akuyenda ngati mafumu. Luso limeneli, lokayikira yankho losalala ndi kufuna umboni, ndilo ndikupempha kuti a Malawi Institute of Education ku Domasi alilembe mu silabasi, ndipo a MANEB apeze njira yoliyesa.

Ndiye ngati pali ndalama za AI m'masekondale, yambani ndi mphunzitsi. M'sukulu zambiri foni ndi yoletsedwa kwa ophunzira, ndipo pakhomo foni yabwino ikakhalapo ndi ya bambo, amene amapita nayo kunyanja usiku. Ikatsala, amayamba kuigwira ndi mnyamata. Mtsikana ali kumadzi kapena kukuyanika usipa. Mukangoti ana azidzifufuzira okha pa intaneti, mwawonjezera mtunda pakati pa mwana wa ku Lilongwe ndi wa kuno ku Nkhotakota, pakati pa mlongo ndi mlongo wake. Koma mphunzitsi mmodzi wokonzekera bwino amafikira ana onse ali m'chipindamo, wa nsapato ndi wopanda nsapato. Makoleji a Domasi ndi Nalikule asatulutse mphunzitsi wa sayansi wosadziwa kugwiritsa ntchito zida izi ndi kuzitsutsa. Ife amene tili kale pantchito, tili ndi maphunziro a SMASSE amene timakumana pa tchuthi, ikanimo zimenezi. Bandulo imene ndimafunsira mafunso a ana ndimagula ndi malipiro anga, ndipo mwezi ukafika pakati mafunso a ana amadikira.

Chimene alimi anapatsidwa, tipatseni nafenso. Ngati zinatheka kumanga Ulangizi pa buku la Unduna wa Zamalimidwe, n'chiyani chingalepheretse kumanga mlangizi wa sayansi pa silabasi ndi mabuku ovomerezeka ndi unduna wanu, wotha kufotokoza m'Chingerezi ndi m'Chichewa, wosadya bandulo yambiri, wonena poyera kuti "izi sindikuzidziwa" m'malo mopeka? Achinyamata a ku MUST, ku MUBAS, ku UNIMA ndi ku Mzuni alipo, ntchito akuisowa. Ndikudziwa kuti mayeso ndi a m'Chingerezi, ndipo sindikuti tisinthe zimenezo. Koma ndaona kambirimbiri nkhope ya mwana ikuwala pamene ndabwereza m'Chichewa chimene ndanena katatu m'Chingerezi osamveka. Chinthu chimayamba chalowa m'mutu, kenaka n'kuvala chilankhulo cha mayeso.

Tsono pempho limene lili pamtima panga kuposa onse ndi ili. Anawa asakhale ongofunsa makina. Akhale odyetsa makinawo choona cha kwawo. Kumapeto kwa February 2024 madzi anasefukira ku Dwangwa, anthu anathawa m'nyumba zawo, msewu wa M5 unaduka. Chaka chomwecho nyanja inakwera n'kumeza magombe amene tinkayanikapo nsomba. Chaka ndi chaka boma limatseka usodzi wa makoka m'miyezi ya November ndi December kuti chambo chiswane, ndipo asodzi amang'ung'udza chifukwa palibe amene anawaonetsa manambala. Mpasa zimakwera mtsinje wa Bua kukaikira mazira, koma akuluakulu amati sizichulukanso ngati kale. Likodzo likadali m'matupi a ana athu, ndipo nkhono zimene zimalifalitsa zili m'madzi momwe amasambamo. Ganizirani sukulu iliyonse ya m'mbali mwa nyanja, kuchokera ku Karonga mpaka ku Mangochi, itapatsidwa themomita, choyezera mvula, ndodo yoyezera kukwera kwa madzi, sikelo ndi tabuleti imodzi. Ana n'kumalemba tsiku ndi tsiku kutentha kwa madzi, mphepo imene yawomba, mtundu ndi kukula kwa nsomba zofika pagombe, pamodzi ndi maina ake monga asodzi amazitchulira. Pakutha pa zaka zisanu dziko lingakhale ndi kaundula amene ofufuza a ku Monkey Bay ndi a zanyengo angamusirire, ndipo apa ndi pamene AI imaposadi munthu: kuona kachitidwe ka zinthu m'manambala ochuluka kuposa amene mutu umodzi ungasunge. Mwana amene wayeza yekha madzi kwa chaka chathunthu, palibe makina amene angamunamize za nyanja yake.

Koma kaundula ameneyo akhale wathu. Ife a ku Nkhotakota mbiri inatiphunzitsa tanthauzo lokhala doko limene zinthu zimangotulukirapo. M'zaka za m'ma 1800, nthawi ya a Jumbe, ngalawa zinkanyamuka pano zitadzaza minyanga ndi anthu kuwolokera tsidya, ndipo mtengo umene David Livingstone anakumana pansi pake ndi Jumbe mu 1863 timauonetsabe alendo. Sindikufanizira malonda amenewo ndi nkhani ya kaundulayi, Mulungu andikhululukire, ndikungoti khutu lathu limamva msanga wina akamati, "Tipatseni, tikakukonzerani kunja." Mawu a ana athu, zithunzi zawo, zolakwa zawo za pa tabuleti ndi mawu a agogo awo ndi chuma chimene makampani akuchifuna. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024. Mgwirizano uliwonse umene unduna ungasaine unene momveka kuti zosonkhanitsidwazo zikusungidwa kuti, mwini wake ndani, ndipo Amalawi adzazigwiritsa ntchito popanda kuzigulanso.

Anthu amakonda kutchula William Kamkwamba wa ku Wimbe, kwa anansi athu ku Kasungu, amene anasiya sukulu chifukwa cha njala ndi kusowa kwa fizi, n'kumanga makina a mphepo opangira magetsi atawerenga buku la mu laibulale yaing'ono. Amati, tangoganizani akanakhala ndi AI! Ine ndimati, tangoganizani akanakhala ndi AI koma wopanda njinga yakutha ya bambo ake, wopanda dzala la zitsulo lotolamo, wopanda manja ozolowera kuphwasula wailesi. Bukulo linamuonetsa chithunzi. Magetsi anayaka chifukwa anagwira ntchitoyo ndi manja ake.

Kalendala ija ikadali pakhoma la kalasi yanga, ndipo mnyamata uja sanaphonyepo tsiku. Akufuna kudziwa ngati bambo ake akunena zoona za mwezi. Wandipempha themomita yotha kumizidwa m'madzi, ndipo ndamuuza kuti adikire.

Mukadzakhala pa ulendo wa ku mpoto, a Nduna, musadzere ku Kasungu. Dzerani msewu wa kunyanja, muime pa CDSS iliyonse imene mungaione, osatumiza uthenga patsogolo. Mupemphe kuona labotale, kenaka mufunse mphunzitsi wa sayansi kuti bandulo yake yatsala yochuluka bwanji. Mukatero mubwerere ku Capital Hill mukalembe ndondomeko yanu ya AI.

Ine wanu pa ntchito yophunzitsa,

Mphunzitsi wa sayansi,
Nkhotakota